Zithunzi za 360 zija, nkhani yagona pa lenzi osati pa kamera

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzi yanuyi ndiyankhulepo pa nkhani ija munatulutsa masabata apitawa yolimbikitsa achinyamata kuti azijambula malo okopa alendo n'kumaika pa intaneti. Nkhaniyo inali bwino ndithu, ndinaiwerenga mpaka kumapeto nditakhala pakhonde la situdiyo yanga kuno ku Dedza boma, koma pali pena pomwe mlembi wanu anati zithunzi zozungulira zija, zomwe munthu umayendetsa ndi chala pa foni n'kuona kutsogolo, kumbuyo, kumwamba mpaka pansi pomwe wapondapo, zimangofuna kamera ya ma megapixel ambiri basi, kutanthauza mamiliyoni a timadontho topanga chithunzi. Apa nde ndinati ayi, bola ndilembe, chifukwa mafana awiri abwera kale kudzandifunsa ngati agulitse makamera awo agule ena, chonsecho makamera awowo alibe vuto olo pang'ono. Nkhani yagona pa lenzi, galasi lija timamanga kutsogolo kwa kamera. Lenzi ndi imene imalamula kuti ujambula zidutswa zingati, uima pamalopo nthawi yaitali bwanji, misoko ioneka kapena ibisika, komanso kuti chithunzicho chitseguka pa foni ya munthu kapena chimuthera bandulo asanaone kanthu.

Ine ndimajambula maukwati, zinkhoswe, ana omaliza Folomu 4 ndi tizithunzi ta pa chiphaso, sukulu ya zojambula sindinapondeko, zambiri ndinaphunzira ndi kulakwitsa komanso kuwononga bandulo ya usiku. Kamera yanga ndi Canon 600D yogula kwa munthu, ma megapixel 18, inabwera ndi kalenzi kaja ka 18-55mm komwe pafupifupi aliyense wojambula maukwati kuno ali nako.

Kwa amene sanayesepo, chithunzi cha 360 sichijambulidwa kamodzi ayi. Umaima malo amodzi n'kumajambula zidutswa, kuzungulira mpaka utabwerera pomwe unayambira, madigiri 360 cham'mbali ndi 180 kuchoka paliwombo kufika kumapazi, kenako pulogalamu ya pa kompyuta imasoka zidutswazo ngati telala. Ndipo zidutswazo ziyenera kulowana ngati mmene timakhomera malata, lina limagona pang'ono pamwamba pa linzake, ukaumira n'kungowagunditsa m'mphepete mokha nyumba idontha mvula yoyamba. Pa zithunzi timasiya gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi kuti libwerezedwe, ndi m'menemo momwe pulogalamu imapezamo mwala womwewo, nthambi yomweyo, n'kudziwa kuti apa ndi apa pakumane. Ikamaliza imakupatsa chithunzi chomwe m'litali mwake ndi kawiri msinkhu wake, chooneka ngati mapu a dziko lonse aja ankapachika m'kalasi, aja Antarctica amatambasuka pansi ponse ngati wapondedwa ndi lole, koma ukachitsegula moyenera chimakulungika n'kukhala mpira iwe uli mkati mwake.

Tsono ulendo wanga woyamba ndinakwera phiri la Dedza, mwezi wa Julayi, ndi ka 18-55 kangako. Amene mumadziwa Dedza mukudziwa kuti Julayi kuno si masewera, boma lenilenili lili kale pamtunda, nde pamwamba pa phiri ndi mamita pafupifupi 2,200, mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa. Ndinaika lenzi pa 18mm, pomwe imaona malo aakulu kwambiri, kamera nditaiimika choimirira. Pa kamera ngati yangayi 18mm imaona madigiri pafupifupi 45 cham'mbali ndi 63 chokwera, nde kuti zidutswa zilowane bwino umayenera kudina pa madigiri 30 alionse, zomwe ndi zithunzi 12 pa mzere umodzi. Mzere umodzi sukwana, pamafunika wapakati, woyang'ana m'mwamba ndi woyang'ana pansi, nde 36 zimenezo, kuonjezera chimodzi cha paliwombo ndi chimodzi cha kumapazi, 38. Zithunzi 38 a Mkonzi, zala zitauma gwa ndi kuzizira, ndikuwerenga chamumtima, pa mzere wachiwiri ndinasokoneza n'kuyambiranso. Zonse pamodzi zinanditengera mphindi ngati 15.

Mitambo ya ku Dedza siidikira munthu mphindi 15. Pomwe ndinkayamba kumbali ya Mozambique kunali mbee, pomwe ndinkamaliza nkhungu inali itayamba kukwera pakati pa mitengo ya paini ija ndipo mthunzi wa mtambo unali utasamuka kuchoka pa tauni kupita ku minda. Nditafika kunyumba laputopu inalira ngati chigayo ola lathunthu, magetsi anathima pakati, ndinayambiranso mawa lake, ndipo chomwe chinatuluka ndinangoti kukamwa yasa. Mtambo wodulidwa pakati ngati buledi, theka la tauni lili padzuwa theka lili mumdima mzere wake woongoka ngati wa rula, kumwamba kuli mipyololo yakuda ndi yowala ngati mbidzi. Mipyololoyo ndinadzadziwa pambuyo pake kuti zinthu ziwiri zinandipweteka, lenzi iliyonse imadetsa pang'ono m'makona mwa chithunzi makamaka ukaitsegula kwambiri, nde ukasoka makona ambirimbiri mdimawo umabwerezabwereza, komanso ndinali nditasiya kagalasi kakuda kaja ka polarizer kutsogolo, kamene kamadetsa thambo mosiyana malinga ndi komwe kuli dzuwa. Pa ukwati kamathandiza, pa 360 kachotseni musanayambe n'komwe. Chinanso, mphete ya zoom, yosinthira nambala ya lenzi pakati pa 18 ndi 55, inali itasuntha pang'ono ndikugwiragwira, zithunzi zina zinali pa 18 zina pa 20, pulogalamu mutu unaima. Kuyambira tsiku limenelo mphete ya zoom ndi ya focus, yochititsa kuti chinthu chioneke bwinobwino, ndimazimata ndi tepi ya amagetsi ija yakuda.

Kenako nde ndinapanga chinthu chopusa. Ndinamva kuti akatswiri amagwiritsa ntchito fisheye, lenzi yooneka ngati diso la nsomba yomwe imaona mpaka madigiri 180, nde ndinakwera minibasi kupita ku Lilongwe, ndinalowa mu shopu ina, mnyamata wake anandionetsa kagalasi kopotokolera kutsogolo kwa lenzi yomwe uli nayo kale, eti ndi chimodzimodzi achimwene, bola aka n'kotchipa. Anandigwira m'maso. Pakati pa chithunzi pankaoneka bwino koma m'mphepete munali phala lokhalokha, nthambi zili ndi mizere yapepo ndi yobiriwira m'mbali mwake, ndipo m'mphepetemo ndi momwe msoko umadutsa, nde pulogalamu imasowa pogwira. Ndalama inalowa m'madzi. Kagalasiko pano mwana wanga amaseweretsa poonera nyerere.

Fisheye yeniyeni ndinadzaipeza kudzera kwa msuweni wanga amene ali ku Johannesburg, Samyang 8mm f/3.5, ilibe autofocus, zonse umapotokola ndi dzanja, koma pa ntchito iyi ndi zabwino kumene chifukwa palibe chosuntha chokha. Pa kamera yangayi imadzaza chithunzi chonse, nde ndimajambula 6 kuzungulira, pa madigiri 60 alionse, chimodzi m'mwamba, chimodzi pansi. 8 basi. Kuchoka pa 38 kufika pa 8, mphindi ziwiri sizikwana n'komwe. Pali ina ya Sigma, nayonso 8mm, imene imajambula chozungulira ngati mbale, imeneyo zithunzi 4 zimakwana kuzungulira, ndipo a Nikon ali ndi 10.5mm yawo yomwe imayenda ngati yangayi, 6 ndi ziwiri. Apa chenjezo ndi lakuti nambala ya pa lenzi payokha sikuuza zonse, zimatengera kukula kwa sensa, kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera yako. Makamera ang'ono ngati yangayi amadula chithunzi m'mphepete, nde 8mm pa kamera yanga imachita zomwe 15mm kapena 16mm fisheye imachita pa full frame, makamera a sensa yaikulu aja. Osangogula poti mnzako ali nayo, funsa kaye kuti amaimanga pa kamera yanji.

Anthu ambiri ndikawaonetsa chithunzi chimodzi cha fisheye amaseka, akuti khoma lapindika ngati uta, nde 360 yako ikhala yokhotakhota. Sizoona. Pulogalamu imadziwa mmene lenziyo imapindira zinthu ndipo imaziwongola posoka, mpira womwe umatuluka ndi womwewo kaya wajambula ndi 8mm kaya ndi 50mm, khoma loongoka limakhala loongoka. Kusiyana kwake si maonekedwe a zinthu ayi, koma kuchuluka kwa timadontho tomwe tapanga chithunzicho, ndi kuchuluka kwa misoko.

Misoko ndi imene inandipangitsa kuikonda fisheye, ndipo ndinaiyesa pa Lizulu tsiku la msika. Mukudziwa mmene pamakhalira, mbali iyi ya msewu Ntcheu mbali inayo Mozambique, kachewere ali m'zidebe, kabichi mulu, tomato, karoti, minibasi ikaima amayi onse waa kuthamangira kumawindo. Palibe chimene chimaima malo amodzi kupatula matumba a mbatatesi. Ndi zithunzi 38 pamenepo ungatuluke ndi mayi mmodzi ali malo atatu, njinga yopanda wokwera, mutu ukuyandama wopanda thupi, anthu angakunenere za ufiti. Ndi 6 zokha misoko imakhala yochepa ndipo malo olowana ndi aakulu, nde munthu akadulidwa pa chithunzi ichi umamupeza wathunthu pa chinacho, umangouza pulogalamu kuti tenga uyu siya uyo. Ndinangotsala ndi galu mmodzi wa miyendo isanu ndi umodzi yemwe ndinamuona patapita sabata, ndinamusiya dala, ana amamukonda. Ndisaiwale, ndinayamba ndapempha kaye kwa ogulitsa omwe anali pafupi nane, chifukwa lenzi imeneyi imatenga aliyense olo amene akuganiza kuti ali kumbali sakuoneka.

Ndipo n'zoseketsa kuti ine ndinavutika ndi mitambo pa phiri paja, chonsecho lenzi yoyamba ya mtundu umenewu, ya Robin Hill wa ku England m'chaka cha 1924, anaipangira kujambula mitambo kumene, thambo lonse pa chithunzi chimodzi. Safunsa anadya phula.

Koma fisheye nayo ili ndi mtengo wake, ndipo sindikunena za makwacha. Izi ndinaziona ku Chongoni. A Mkonzi, anthu ambiri a ku Dedza konkuno sanapiteko ngakhale pa njinga ndi pafupi, chonsecho malowa UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, malo 127 okhala ndi zojambula pa miyala, zofiira zija amati ndi za Akafula, zozungulirazungulira ndi mizeremizere, ndi zoyera za makolo athu Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau. Ndinapita ku Chencherere, amodzi mwa malowa, ndi fisheye yanga, ndinaima pansi pa thanthwe lija, zithunzi 8, n'kubwerako ndikudzitama. Pa foni chinkaoneka bwino zedi, umaona denga la mwala likukuweramira, kunja kuli ngwee mitengo mpaka kutsidya. Koma mphunzitsi wina wa mbiri yakale yemwe ndinamuonetsa anangokoka ndi zala ziwiri kuti aone pafupi chojambula chimodzi, timadontho toyera tija tinasungunuka ngati mchere m'madzi. Anandibwezera foni n'kuti malowa ndawaona, koma zojambulazo sindinazione. Zinandiwawa koma amanena zoona.

Masamu ake ndi osavuta. Pa kamera yomweyi ya ma megapixel 18, 8mm imakupatsa mpira wa ma pixel, timadontho tija, pafupifupi 11,700 m'litali, kutanthauza ma pixel ngati 32 pa digiri iliyonse. 18mm imakupatsa 26,000 ndi kanthu, ma pixel 73 pa digiri. 50mm imafika 73,000, ma pixel 200 pa digiri. Lenzi ikatalika kawiri, kutanthauza nambala ya mm ija ikachuluka kawiri, m'litali mwa chithunzi mumachuluka kawiri, ma pixel onse amachuluka kanayi, ndipo zidutswa zoti ujambule nazonso zimachuluka pafupifupi kanayi. Mwaona pamenepa? Kamera sinasinthe, ndi yomweyo ya ma megapixel 18, koma ndi lenzi ina ikutulutsa chithunzi cha ma megapixel 68, ndi ina kupitirira 340, ndi inayo ma pixel mabiliyoni awiri ndi theka kupita m'mwamba. Nde mnyamata akagulitsa kamera ya 18 n'kugula ya 24 wapindula pang'ono chabe, wongosintha lenzi wamupitirira kutali.

Kungoti walira mvula walira matope. 50mm pa kamera yanga imaona madigiri 17 okha cham'mbali, kuti umalize mpira wonse ndi zithunzi kupitirira 200, ukaphonya chimodzi pamakhala bowo lakuda ndipo umalidziwira kunyumba. Fayilo ya JPEG nayo imathera pa ma pixel 65,535 mbali imodzi, nde 73,000 ija siilowamo n'komwe, pokhapokha uchepetse kapena usunge mwanjira ina. Palinso nkhani ya focus. 8mm ukachepetsa kabowo kake kolowera kuwala kufika pa f/8 n'kuika focus pa mita imodzi, chilichonse kuyambira masentimita ngati 30 mpaka kuphiri chimaoneka bwino, umaimata tepi n'kuiwala. 50mm pa f/8 yomweyo kuti zakutali zioneke bwino zapafupi zimayambira pa mamita ngati 8, nde m'phanga momwe mwala uli pamphuno pako komanso nkhalango ili kutali sungazigwire zonse, mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ukamasintha focus pakati pa ntchito kukula kwa zinthu pa chithunzi kumasinthanso pang'ono, msoko umayamba kuvuta.

Vuto lina la lenzi yaitali ndinakumana nalo m'tchalitchi china chomwe anandipempha kuti ndijambule atangopenta. Makoma oyera mbee, denga loyera. Ndi 18mm yomwe zidutswa zina zinali zoyera zokhazokha mopanda olo msomali, pulogalamu ilumikiza bwanji pepala loyera ndi pepala loyera? Imangozitaya pambali. Chimodzimodzi thambo lopanda mtambo la mu Seputembala. Fisheye poti imaona malo aakulu nthawi zonse imakolamo kenakake, zenera, benchi, mtanda wa denga, nde pogwira sipasowa. Tsiku limenelo ndinatha usiku ndikuika zidutswa pamanja, kulemba madigiri a chilichonse.

Tsopano chinthu chomwe chimagwetsa anthu ambiri, ndipo nacho chili mu lenzi momwemo. Tambasulani dzanja, imitsani chala chachikulu, tsinzinani diso limodzi kenako linalo. Chala chikudumpha eti? Sichinasunthe, diso ndi lomwe lasintha malo. Kamera nayo ikamazungulira n'kumasuntha malo, zinthu zapafupi zimadumpha poyerekeza ndi zakutali, chithunzi choyamba mtengo wabisa chitseko, chachiwiri chitseko chikuoneka, nde telala asoka bwanji? Zotsatira zake ndi mizati yothyoka ndi mawaya amagetsi osakumana. Mkati mwa lenzi iliyonse muli kamalo kamodzi komwe ukazungulira pamenepo palibe chodumpha, ambiri amati nodal point ngakhale odziwa amati dzina lenileni ndi entrance pupil. Ukayang'ana lenzi kutsogolo kabowo kaja umakaona mkatimo, pomwe kakuoneka kuti kalipo, ndi pamenepo. Sikakhala pa bowo la pansi pa kamera lomangira tripod, miyendo itatu yoimikapo kamera ija, ayi, kamakhala kutsogolo, pa fisheye yanga ndi pafupi ndi galasi lakutsogolo lenilenilo. Pa zoom kamasamuka ukasintha nambala, n'chifukwa chake tepi ija, ndipo pa fisheye kamasuntha pang'ono malinga ndi mbali yomwe kuwala kukuchokera, nde umakakonzera pa madigiri omwe msoko wako umadutsa.

Pa phiri zimenezi sizivuta kwenikweni poti zonse zili kutali. M'phanga, m'chipinda cha loji, m'galimoto, olo sentimita imodzi imaoneka, ndipo lenzi ikatalika kulakwitsa komweko kumaonekera kwambiri chifukwa ma pixel ndi ambiri. Kunja amagulitsa mitu ya tripod yapadera, Nodal Ninja ndi ina ya Manfrotto, mtengo wake ungagule mbuzi zingapo. Ine ndinajambula papepala n'kupita kwa mkulu wina wowotcherera mawindo pamsika, anandipangira chitsulo chonga L chokhala ndi mpata woti kamera izitha kubwerera m'mbuyo, anandifunsa katatu kuti kodi ichi n'cha dishi ya TV. Pochikonza ndinazika nsungwi mita imodzi kutsogolo kwa kamera, mtengo wa bulugamu uli kutali kumbuyo kwake, n'kumatembenuza kamera kumanja ndi kumanzere, nsungwi ikadumpha ndimasuntha kamera pang'ono, mpaka inasiya kudumpha, pamenepo ndinalemba mzere ndi penti ya zikhadabo ya mayi akunyumba. Mzere wofiira ndi wa fisheye, wa pinki ndi wa 18mm. Ulibe tripod? Manga ulusi pa lenzi pamalo pamenepo, kumapeto kwake mangako kamwala, ika ndalama yachitsulo pansi, nde uzizungulira iweyo kamwala kali pamwamba pa ndalamayo nthawi zonse. Ndi fisheye zimatheka bwinobwino poti zithunzi n'zochepa, ndi 18mm mkono umatopa usanafike theka.

Tina ting'onoting'ono ta fisheye, dzuwa sungalithawe, limalowa basi, nde galasi likhale loyera chifukwa kafumbi kamodzi kapena chidindo cha chala chimaoneka ngati chiphuphu pa thambo, ndipo galasi lake ndi lotukuka silimangika fyuluta yoteteza, ukaligunditsa pa mwala walira. M'mamawa kuno ukaitulutsa m'thumba mame amaigwira, idikire kaye. Mthunzi wako ndi miyendo ya tripod zimalowanso, pansi paja pamafuna chigamba. Ndipo kaya lenzi ndi iti, kamera ikhale pa manual, kuwala kumodzi, white balance, yomwe imalamula mitundu, imodzi, apo ayi chidutswa chilichonse chibwera ndi mtundu wake ngati nsalu za m'kaunjika.

Ena anena kuti bwanji osangogula timakamera tating'ono ta 360 tija. Ricoh Theta inatuluka mu 2013, pano kuli Insta360 ndi ena, umangodina kamodzi zatha. N'tabwino ndithu, pa chinkhoswe kapena pa ngoma ya ku Ntcheu pomwe aliyense akuvina palibe chingatipose. Koma tsegulani maso muone, mkati mwake ndi ma fisheye awiri otsamirana misana, nkhani ndi yomweyi ya lenzi. Poti awiriwo sangakhale malo amodzi enieni, chinthu chikayandikira pa msoko chimaduka, nde munthu wofunika muyang'anitseni ku galasi osati kumbali. Ndipo ma megapixel omwe amalemba pa bokosi amagawidwa pa mpira wonse, pomwe iwe pa nthawi imodzi umangoona kachigawo kochepa, n'chifukwa chake nambala imamveka yaikulu koma chithunzi chikuoneka chofewa. Foni nayo imatha, lenzi yake imaona malo ofananako ndi 18mm yanga ija nde zidutswa zimachuluka, ndipo cholakwika chomwe aliyense amachita ndi kutambasula manja n'kuzungulira thupi lonse ngati akuvina chimtali. Foni ndi imene izikhala malo amodzi, iweyo uziizungulira.

Za pulogalamu musadandaule, Hugin ndi yaulere, inamangidwa pa Panorama Tools ya Helmut Dersch, pulofesa wa ku Germany yemwe anaiyamba mu 1998, PTGui ya ku Netherlands ndi yogula ndipo imathamanga, nayonso inachokera pa muzu womwewo. Zonse ziwiri zimalola kusakaniza malenzi pa ntchito imodzi. Chomwe zimafuna ndi choti uziuze zoona, ukaika zithunzi za fisheye n'kuiwala kunena kuti ndi fisheye, makamaka ngati yangayi yomwe siilankhula ndi kamera, pulogalamu imaganiza kuti ndi lenzi wamba n'kutulutsa zinthu zonga maloto a malungo.

Nde maganizo anga ndi awa a Mkonzi. Anthu athu ambiri aonera pa foni, bandulo yowerengera, netiweki yakugwagwa ukangotsika ku Golomoti kapena kulowa cha ku Tsangano. Facebook inayamba kulandira zithunzi za 360 mu 2016, koma imazichepetsa, WhatsApp nde ukatumiza ngati chithunzi wamba imachifinya n'kufufuta timau tobisika tomwe timanena kuti ichi ndi 360, bola kutumiza ngati document. Pa loji, pa msika, pa tchalitchi, pa Khwekhwerere pomwe msewu umapindika ngati njoka, fisheye ya 8mm yakwana ndipo ma pixel ena onsewo n'kungotopetsa laputopu. Amene ulibe ndalama ya fisheye usagulitse kamera, ka 18-55 kako kamatha, ingosankha malo opanda anthu, tsiku lopanda mphepo, tenga tepi, uwerenge mpaka 38 modekha. Ndipo ojambula a pa Dedza, Lizulu, Ntcheu boma, tikhoza kusonkherana n'kugula fisheye imodzi n'kumabwerekana ngati mmene timabwerekerana ma flash tsiku la ukwati, siimagwira ntchito tsiku lililonse.

Koma pa malo ngati Chongoni ndikupempha amene angapatse munthu ntchito yojambula kumeneko, kaya ndi akhonsolo kaya a zachikhalidwe kaya bungwe, musamufunse kuti kamera yako ndi ya ma megapixel angati, mufunseni kuti ugwiritsa ntchito lenzi yanji ndipo ndikakoka ndi zala ndiona chiyani. Zojambula zija zikufufutika ndi mvula, utsi ndi ana olemba mayina awo ndi makala pamwamba pake, ndinaziona ndi maso anga, chithunzi chongosangalatsa pa Facebook sichidzathandiza mdzukulu wofuna kuwerenga timadontho tija.

Ine mwezi wamawa ndikubwererako. Ndijambula phanga lonse ndi fisheye monga kale, kenako khoma lokhala ndi zojambulalo lokha ndilibwereza ndi 50mm yomwe mnzanga wa ku Bembeke wavomera kundibwereka, mizere inayi kapena isanu basi osati mpira wonse, ndipo chitsulo changa chija chikufunika mzere wachitatu, penti yomwe yatsala m'nyumba ndi yabuluu. Mafana awiri aja ndawauza kuti abwere, wina adzagwira kope n'kumawerenga zithunzi kuti ndisasokonezenso, winayo anyamule tripod pokwera.

Ndine wanu,
Wojambula zithunzi,
Dedza boma.